Mkazi Wamwala wa ku Graavig

Mayi Westh sanali munthu woona mizukwa. Anakalambira pa ntchito yosamala manda a ku Graavig, ndipo akufa ankawatenga ngati anthu abwino okhala nawo pafupi, osadandaula, osasokosa. Ndiye m'mawa umene anaimbira foni wapolisi wa m'mudzimo, Ejvind Sonne, n'kunena kuti, "Bwera msanga, kuno kwabwera munthu amene sindinamuike ine," Ejvind anasiya khofi wake pathebulo osamaliza.

Anawapeza ataima pachipata, fosholo ili m'manja ngati akufuna kukantha nayo munthu. Usiku kunali kutazizira koopsa. Udzu wonse unali mbuu ndi chisanu, ngakhale kadzuwa kanali katayamba kuwomba.

"Ndaliza belu la m'mawa monga mwa masiku onse," anatero mayiwo. "Potuluka m'tchalitchi, ndangoona uyo. Dzulo panalibe. Usandiyang'ane choncho iwe, sindinalawe kanthu."

Pakati pa kapinga, mbali imene manda akale anafafanizidwa, panaima mkazi wamwala. Msinkhu wake unkalekeza m'chifuwa mwa Ejvind. Analibe maso, analibe pakamwa. Phewa limodzi linali lotsika, mutu utapendekeka ngati wa munthu amene akutchera khutu kuti amve bwino. Pa chilumba chonse cha Bornholm panali dzanja limodzi lokha losema anthu opanda nkhope, dzanja la Thorkild Marcher, amene shedi yake inali kumtunda kwa kanjira kotsikira kumandako.

Ejvind anauzungulira mwalawo. Panalibe mkukuluzi wa galimoto kapena phazi la hatchi, ndipo nthaka youma gwa ndi chisanu sinasunge phazi la munthu. Chimene sanachimvetse n'chakuti mwalawo unamuchititsa mantha, ndipo mantha ake anali achibwana, a mwana amene wadzuka n'kupeza m'nyumba muli zii.

"Amuna anayi sangaunyamule umenewu," anatero.

"Ndiye kuti wayenda wokha," anayankha Mayi Westh, osaseka ngakhale pang'ono.

Asanayankhe, anamva mfuu kumtunda. Bodil, mwana wa Thorkild, ankatsika kanjirako akuthamanga, akuterereka, mutu uli pamtunda. Jasi yake yotuwa inali yofiira kuyambira m'manja mpaka pachifuwa.

"Ejvind! Ababa! Bwera udzaone ababa!"

* * *

Thorkild Marcher anagona chagada pakhomo pa shedi yake, nkhongo ili pa mwala wopondapo polowa. Anali atavala jasi ndi nsapato zake zamatabwa. Buledi wakuda amene Bodil anawabweretsera anali gone pambali pawo.

Munthu ameneyu sanapondeko kusukulu ya luso. Analowa ntchito ku kwale ali kamnyamata, n'kukhala akuswa miyala yomangira misewu ya anthu ena mpaka tsitsi litayamba kutuwa. Kenako tsiku lina anangoyamba kusema, wopanda womuphunzitsa, ndipo mudzi wonse unamuseka mpaka kugwira nthiti. Ankati Thorkild akupanga anthu koma nkhope akuziiwala. Kuseka kunaleka pamene mabwana a ku Copenhagen anayamba kubwera pa sitima, atavala zipewa zodula, n'kumaima duu pamaso pa miyala yomweyo ngati ali m'tchalitchi. Anamuitana kuti akaphunzitse ana awo, iye n'kuwauza kuti sangaphunzitse chimene sakudziwa m'mene amachichitira. Anapitiriza kudya nsomba yowamba ndi kampeni ka m'thumba, n'kumapukutira pa buluku.

Miyala yake sankagula. Manda kuno ndi obwereka, ndipo zaka zake zikakwana abale n'kupanda kuwonjezera, mwala umazulidwa n'kukaunjikidwa kuseri kwa mpanda. Thorkild ankatola imeneyo. Ankati ndi miyala yozolowera kale kuimirira. Koma asanayambe kusema, ankayamba wagoba dzina lonse mpaka kutheratu, ati kuti mwini wake apite mwaufulu. Ena m'mudzimo sankadutsa pa shediyo kukada, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Wofufuza milandu wochokera kutauni, Preben Aagaard, anafika ndi dokotala. Anali munthu wothamanga magazi, wokonda kubwira timaswiti takuda tamchere, ndipo ankafunsa funso lachiwiri loyamba lisanayankhidwe. Dokotala anati chimene chinapha nkhalambayo ndi mwala wa pakhomo, koma pachifuwa panali zizindikiro ziwiri za manja. Munthuyo sanagwe yekha, anachita kukankhidwa.

"Wamuona komaliza ndani?" anafunsa Aagaard. "Anali ndi adani? Inu mayi, mukuyang'ana pansi bwanji?"

Mayi Westh anali ndi chilema chimodzi, sankatha kunama. Anapukuta mphuno, n'kuyang'ana Bodil mopepesa.

"Dzulo nditaliza belu la madzulo ndinadutsa pano. Ndinamva Bodil akukuwa kuti, 'Mwala umenewu ukapanda kukwera galimoto, ndikukwirirani nawo limodzi!' Ndamva ndi makutu angawa, sindingabweze. Koma bwana, mwana ameneyu amalankhula choncho ngakhale ndi mphaka."

"Mphakayo ali moyo?"

"Ali moyo."

"Bambo ake ayi. Usiku munali kuti, mayi Marcher? Ndi ndani?"

"Kwathu," anatero Bodil. "Ndekha. Ndimagona ndekha, bwana, mudzi wonse ukudziwa."

Aagaard anamukokera Ejvind pambali. "Mtembo ndili nawo, magazi pa jasi ndili nawo, mawu oopseza ndili nawo. Mayiyu ndikupita naye."

"Magaziwo ndi powakumbatira. Nanga mwala uja wafika bwanji kumanda? Bodil yekha angausunthe?"

"Sonne, ine ndimamanga anthu. Miyala yoyenda yokha ndi ya inu a kumudzi." Anaponya kaswiti kena m'kamwa. "Ndikadali ndi zoyeza muno. Dzuwa likamalowa ndikunyamuka, ndipo sindinyamuka ndekha."

Ejvind anayang'ana kumwamba. Dzuwa la nyengo yozizira siliyenda ulendo wautali. Anayang'ananso Bodil, amene anakhala naye benchi imodzi kusukulu, mkazi wa pakamwa polusa amene tsiku lililonse ankakwera chitunda kukaonetsetsa kuti bambo ake adya. Ankadziwa kuti munthu wa ku Graavig akakwera galimoto ya apolisi, ngakhale adzabwerere wosalakwa, mudzi sumutsitsamonso.

* * *

Potsikira kumanda anaona chinthu chimene m'mawa sanachione. Pakati pa kanjirako panali mzere wonyowa, wotambalala ngati chitseko, kuchokera pa shedi mpaka pachipata cha manda. M'mbali monse munali mouma. Mvula inali isanagwe sabata yonse.

Mayi Westh anamutsatira mwakachetechete mpaka pa kapinga paja.

"Bwanji pano?" anafunsa Ejvind. "Kapinga yenseyu, bwanji anasankha pano?"

"Ukundifunsa zoona, kapena ukufuna ndikunenere ine chimene ukuchidziwa kale?"

"Mayi Westh, nthawi ndilibe."

"Mbali ino tinkaifafaniza iwe uli ku sukulu ya upolisi ku Copenhagen. Timipanda tonse tinazula, miyala tinachotsa. Utabwera sunafunse, ine sindinakuuze. Gwada, uyang'ane kumbuyoko, m'munsi."

Ejvind anagwada pa udzu wozizirawo. Kumsana kwa mkazi wamwalayo kunali kokhakhala konse, kupatula malo amodzi pansi pa phewa lakumanzere. Pamenepo panali kamzere kotukuka, kopindika ngati mbedza, kosalazidwa bwino mpaka kunyezimira. Anakadutsitsa chala, n'kutsikira m'munsi. Pafupi ndi nthaka zala zake zinapeza zilembo. Thorkild, amene sanasiyepo dzina pa mwala uliwonse moyo wake wonse, apa anasiya mawu amodzi.

KARNA.

Limeneli linali dzina la mayi ake a Ejvind, amene anamwalira iye asanayambe n'komwe sukulu. Nkhope yawo anaiiwala kalekale, ndipo zimenezi zinkamupweteka kuposa m'mene ankavomerera. Koma tsopano, ali chigwadire, anakumbukira kuti khutu lawo limodzi linali logontha. Iye akafuna kuwanong'oneza kanthu, ankatsitsa phewa n'kupendeketsa mutu, ndendende m'mene mwalawo unaimira pamwamba pake.

"Waima pamalo pake penipeni," anatero Mayi Westh. "Sanaphonye ngakhale ndi phazi limodzi. Ndipo malowa, kupatula ine, owadziwa ndi ochepa."

* * *

Ejvind anamupeza Bodil m'khitchini mwa bambo ake, atakhala pampando, manja ali pakati pa mawondo. Jasi ija Aagaard anali ataitenga.

"Unkadziwa kuti ndi mwala wa amayi anga?"

"Ndinadziwa mochedwa. Nyengo yonseyi ankaufunditsa chiguduli, ine ndikalowa. Anthu a nyumba yosungira zosema ku Copenhagen analonjezedwa chosema chatsopano, galimoto yawo ikubwera mawa. Dzulo ababa angoti sapereka. Ati, 'Karna akufuna kwawo.' Ejvind, ankacheza nawo mwalawo. Ndinkawamva ndili panja, akuufunsa ngati ukuzizidwa. Ndinachita mantha kuti mutu wayamba kusokonekera, ndiye ndinakuwa. Ine mantha anga amatulukira m'kukuwa, umandidziwa."

"Kamzere ka kumsana kaja n'chiyani?"



"Chipsera. Amayi ako ali mtsikana ankagwira ntchito yowamba nsomba, ndiye chitsulo chamoto chinawagwera kumsana. Nanenso ndinawafunsa ababa kuti anachiona kuti, ndipo ndinafunsa mokalipa, chifukwa ndinaganiza zimene aliyense angaganize. Anandiuza. Chaka chimene amayi ako anamwalira, chipale chofewa chinatseka misewu yonse, namwino sakanatha kufika. Anasambitsa mtembo ndi amayi anga. Bambo ako analephera kulowa m'chipindamo, anakakhala m'khola la nkhuni akunjenjemera. Amayi okha sakanatha kutembenuza thupi, ndiye anaitana ababa. Ati anayesetsa kuyang'ana kumbali, koma chipseracho anachiona, ndipo sichinachokenso m'maso mwawo."

"Ababa anga akudziwa zimenezi?"

"Ayi. Ababa ankati munthu sumukumbutsa tsiku limene miyendo inamukanika. Bambo ako mpaka lero amaganiza kuti amayi anagwira ntchitoyo okha."

Pa zenera Ejvind ankaona kuseri kwa shedi. Chileyi chokokera miyala chinali chitatsamira khoma, matabwa ake akuda ndi madzi. Pambali pake panali ndowa zinayi, tcheni, ndi mitengo itatu yoimiritsira miyala.

"Bambo ako sakanachita okha zimenezi. Anawathandiza ndani?"

"Sindikudziwa."

Anayankha msanga kwambiri, ndipo maso anawaponya pa mbaula. Bodil, amene sanasungepo mawu m'kamwa chibadwire, lero anali atatseka pakamwa kuti ndwii.

"Bodil, akupita nawe kutauni."

"Apite nane. Ine bambo ndataya kale, Ejvind. Sindikufuna kuti lero lomweli atayike awiri."

* * *

Akufunsafunsa m'mudzi za mzere wonyowa uja, Ejvind anapeza Ove Funch wa positi kusitolo ya padoko, atakhala pa bokosi la nsomba, mwendo umodzi atauika pa bokosi lina. Jekete yake yofiira inali yong'ambika pachigongono.

"Aa, boma lafika! Bwera ulembe, Sonne, ndikufuna kusuma. Ndiwe wa chitatu kumva, koma ndiwe woyamba wovala yunifolomu."

"Wagwa pati, Ove?"

"Pa kanjira ka kutchalitchi! Zaka zonsezi ndimadutsa pamenepo, njinga yanga imapadziwa kuposa mkazi wanga m'mene amandidziwira ine. Lero ndangokhota chonchi, fyuu, miyendo m'mwamba, makalata mbwee. Ayezi, mphwanga! Wosalala ngati galasi, pakati pokha, ngati munthu wachita kuyala. Ndani wamisala amathira madzi m'njira kukuzizira chonchi?"

Ejvind ankadziwa amene amathira. Ali mwana ankamva nkhani zimenezi kwa bambo ake pa chakudya chamadzulo. Kale ku kwale kusanabwere makina, mwala waukulu ankaudikirira usiku wachisanu. Ankathira madzi m'njira, ndowa ndi ndowa, mpaka aundane, ndipo amuna awiri okha ankatha kutsitsa mwala umene hatchi ikanaulephera, wina kutsogolo akuwongolera chileyi, wina kumbuyo akuchigwira ndi tcheni. Dzuwa likatuluka msewu wawowo unkasungunuka. Mwa anthu amene anagwirapo ntchito imeneyo, ku Graavig kunali kutatsala awiri, ndipo mmodzi anali atagona pakhomo pa shedi yake.

"Inali nthawi yanji?"

"Belu la m'mawa likulira kumene. Ndikukumbuka chifukwa ndinatukwana, n'kupepesa. Ndiyetu tsiku la lero landizunguza mutu, Sonne. Ndadzuka pamenepo, ndikukankha njinga motsimphina, ndafika kwa bambo ako, ndingoona mbendera ili pakati pa mlongoti. Mtima unangoti phwii. Ndinati basi, a Hilmar atisiya, ndipo ine ndi amene ndikamuuze Ejvind. Ndasuzumira pa zenera, ndawaona ali khale pathebulo, amoyo ngati ine ndi iwe. Ndinati kaya, mwina ndi wachibale wa kutali. Kenako ndi pamene ndamva za a Thorkild, ndiye ndati oho, n'chifukwa chake. Anthu aja anali ngati mapasa."

"Mbenderayo unaiona belu litangolira?"

"Likadamvekabe m'makutu. Bwanji? Iwe, wayera bwanji nkhope? Khala pansi, pali bokosi lina apa."

Ejvind sanakhale. Belu litalira, Mayi Westh anaona mwala, n'kukaimba foni. Iye anavala, anayenda mpaka kumanda, anauzungulira mwalawo, ndipo ndi pamene Bodil anapeza mtembo. Pa nthawi imene Ove ankakankha njinga yake, m'mudzi monse munalibe amene ankadziwa kuti Thorkild Marcher wamwalira, kupatula munthu amene anamuona akufa.

* * *

Mbendera inali ikadali pakati pa mlongoti, yofiira, ikulendewera popanda mphepo. Dzuwa linali litatsikira pa madenga a nyumba zowambira nsomba.

Hilmar Sonne anali pathebulo la m'khitchini, atavala malaya oyera a kutchalitchi, ndevu atameta. Pathebulo panali timatambula tiwiri ta mowa waukali, tonse todzaza. Manja ake akuluakulu anali ong'ambikang'ambika ndi tcheni.

"Wachedwa," anatero. "Ndimayesa anakuphunzitsani bwino ku Copenhagen."

Ejvind anavula chipewa n'kukhala moyang'anana nawo. Anali atakonza mafunso m'njira monse, koma onse anathawa.

"Ababa, mbendera munaikwezeranji?"

"Funso lanji limenelo? Mnzanga wafa."

"Munakweza anthu asanadziwe."

Nkhalambayo inagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamuonetsa pamene khoma lake lapindika.

"Sindinaganizeko. Ndafika, kwacha, ndaona mlongoti uli wopanda kanthu. Thorkild wagona uko, ine mlongoti uli chabe? Manja anangochita okha."

"Akufuna kutenga Bodil."

"Bodil? Zamisala. Mwana uja walakwanji?"

"Jasi yake ili ndi magazi, ndipo dzulo anakangana. Akudziwa kuti munali inu, ababa, koma wakana kukutchulani. Fotokozani."

Hilmar anazunguza katambula kamodzi ndi chala, osakanyamula.

"Manda a mayi ako ndinawasiya dala. Ndinati zakwana, munthu sangakhalire kuthirira maluwa moyo wonse. Atachotsa mwala, tulo tinatha. Ndinkangomuona ataima panja, akusowa kolowera. Dzulo Thorkild wabwera, akuti, 'Hilmar, usiku uno kuzizira. Tiye tikamubwezere Karna pamalo pake, a ku Copenhagen asanamutenge.' A komiti ya tchalitchi sakanalola, ndiye tinati tichite m'mene tinkachitira kale. Tinathira madzi. Tinadikira. Tinatsika naye bwinobwino, iye kutsogolo, ine kumbuyo. Nkhalamba ziwiri! Tinkaseka ngati anyamata, Ejvind. Sindinasekepo choncho chimwalirire mayi ako."

"Kenako?"

"Tamuimika, kukuyamba kuyera. Thorkild wachotsa chiguduli. Ndinamudziwa nthawi yomweyo, nkhope kapena popanda nkhope. Ndinamugwira kumsana, m'mene ndinkamugwirira." Anasisita thebulo ndi chala. "Chipsera chija mayi ako ankachita nacho manyazi. Sankasambira kunyanja, sankavula pamaso pa akazi anzake. Padziko lonse wochidziwa ndinali ine. Ndiye ndachipeza pamenepo, pamalo pake, kupindika kwake komweko, chosalazidwa ngati munthu wakhala akuchisisita nyengo yonse."

"Munawafunsa?"

"Njira yonse yokwera ndinali chete. Pakhomo pake ndi pamene ndinati, 'Thorkild, msana wa mkazi wanga unauona kuti?' Wandiyang'ana. Akanangonama, mwina ndikanapita kunyumba. Koma akuti, 'Zisiye, Hilmar, usandifunse zimenezo, zingakupweteke.' Zingandipweteke! Ndinamukankha. Kamodzi kokha. Pakhomopo tinali titatayirapo madzi, ndipo nsapato zamatabwa pa ayezi umazidziwa."

Ejvind ankawakonda bambo akewa, munthu wouma amene anamulera yekha, amene anaphunzira kusoka mabatani ndi zala zoswera miyala, ndipo chikondicho tsopano chinkamuwawa ngati dzino.

"Ndipita nawe," anatero Hilmar. "Za Bodil usadandaule, ndikanena zonse. Koma iwe wayenda m'mudzi tsiku lonse, wamva zambiri. Undiuze chinthu chimodzi, ndisanatuluke m'nyumba muno. Mayi ako ndi Thorkild. Zinali zoona?"

Ejvind anaona kuti mayankho onse awiri ndi mipeni. Akangokhala chete, bambo ake akalowa m'ndende ali ndi chifukwa chogwirira, koma mkazi wawo atamutaya kachiwiri. Akanena zoona, mkaziyo abwerera, koma chifukwa chitha. Anakumbukira mutu wopendekeka uja, ukudikira kuti anong'oneze, ndipo anadziwa kuti sangawanamizire mayi ake.

"Tsiku losambitsa mtembo, inu munali m'khola la nkhuni," anatero motsitsa mawu. "Mayi ake a Bodil analephera kutembenuza thupi okha. Anaitana a Thorkild. Anaona pamenepo, kamodzi kokhako, amayi atafa kale. Sanakuuzeni chifukwa sankafuna kukukumbutsani kuti simunalowe m'chipindamo."

Hilmar sanalire. Anangotsegula manja ake pathebulo n'kumawayang'ana ngati ndi a munthu wina.

"Ndiye ananyamula iye," anatero. "Ntchito yanga."

"Inde, ababa."

"Ndipo zaka zonsezi osanena kanthu. Kumabwera muno, kumamwa khofi wanga, kumandilola ndimugonjetse pa makadi."

Anakankhira katambula kamodzi mbali ya mpando wopanda munthu, n'kuimirira movutikira. Anavala jasi, anatseka mbaula bwinobwino monga ankachitira akamapita kutali. Pakhomo anaima n'kuyang'ana kumadzulo.

"Dzuwa likulowa. Mbendera sigona panja. Undilole nditsitse kaye."

Anatuluka onse awiri. Hilmar anamasula chingwe, koma zala zong'ambikazo zinakana kugwira, ndipo Ejvind anaika manja ake pamwamba pa a bambo ake. Mbendera ya maliro sitsika kuchokera pakati, imayamba yakwera mpaka pamwamba. Anaikoka limodzi. Inafika pansonga, kuwala kotsiriza kukuimenya, ndipo kumtunda kuja Ejvind anaona Aagaard atatsegula chitseko cha galimoto, Bodil ataima pambali pake wopanda jasi, onse awiri atatembenukira kuno.

"Igwire pomwepo pang'ono," anatero Hilmar. "Thorkild aione."

Ejvind anagwira chingwecho mpaka manja atachita dzanzi. Kenako anaitsitsa, anaipinda awiriwo osaikhudzitsa pansi, ndipo anayamba kukwera kanjira kaja, bambo kutsogolo, mwana kumbuyo. Madzi anali atayambanso kuundana, ndipo podutsa pachipata cha manda Hilmar anavula chipewa, koma sanayang'anemo.